Aluso Titapatsidwa Holo Kuti Timange Tokha

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota maloto oti mpaka pano mutu sunabwerere m'malo mwake. M'mawa uno ndasoka thumba la malaya a mwini wake chadodolido, kukamwa kuloza pansi. Ndiye ndaona kuti bola ndikufotokozereni, mwina pakati panu alipo wodziwa kumasulira.

Koma ndiyambe ndi za masana kuti musasochere. Kwa amene simundidziwa bwino, ndine Esinati, telala wa mumsika, ndipo madzulo ndimachita zisudzo. Gulu lathu limaphunzirira m'holo ya m'dera lathu lino, ija yakalekale ya mawindo osweka, imene mbuzi zimalowamo osalipira pakhomo. Tsono akuluakulu agwirizana zoigwetsa n'kumanga ina, akuti ikhale nyumba ya zaluso, ndipo Loweruka likubwerali aluso tonse tikakhala pansi ndi wolemba mapulani kuti tikamuuze zimene tikufuna. Si nkhani yamasewera, chifukwa nyumba ikamangidwa molakwika tidzakalamba nayo choncho. A zisudzo anasankha ine kuti ndikawalankhulire. Si kuti ndili ndi nzeru ayi, koma mawu anga amamveka ngakhale chigayo chikulira. Ndipo ine changa n'chimodzi chokha: kachipinda kosinthiramo zovala, kokhala ndi chitseko. Chiyambire zisudzo ndimavulira kuseri kwa chitenje chimene anzanga awiri amagwira uku ndi uku, ndipo mphepo ya kuno ilibe mwambo. Dera lonse lino limadziwa mtundu wa pitikoti yanga.

Ndiye m'malotomo Loweruka lija linali litafika kale. Holo yathu inali itasamuka, yakaima pakati penipeni pa depoti ya maminibasi, ndipo palibe amene ankadabwa nazo. Makondakitala ankaitanira anthu pakhomo: "Msonkhano wa aluso, msonkhano wa aluso, mmodzi yekha inyamuke!" Wina anandikoka dzanja n'kundikankhira mkati, nati ndisunthe pang'ono pabenchi pakwane wina. Kutsogolo kunali a Kachingwe, mlakatuli wathu, mphunzitsi wopuma amene ukawapatsa moni wa m'mawa amakuyankha ndi ndakatulo mpaka tiyi wako kuzizira. Pambali pawo panali Rasi Mavuto wojambula, uja anajambula ng'ombe pakhoma la butchala, anthu n'kumafunsa ngati tsopano ayamba kugulitsa nyama ya galu. Ndiye Mayi Tembo a kwaya, atavala yunifolomu yawo yoyera, atakumbatira chikwama ngati pali wofuna kuwalanda. Kumbuyo kunali anyamata ndi atsikana a magule ndi ng'oma zawo.

Kenako analowa wolemba mapulani uja. Kunja kwa maloto sindinamuonepo munthuyu, dzina lakenso sindilidziwa, ndiye ndingowatchula a Mapulani. Anali bambo wamfupi, wa nsapato zonyezimira zimene fumbi la depoti linkaziopa. Kumutu anavala chipewa cholimba chachikasu, chija amavala omanga nyumba zosanjikizana, ndipo pamwamba pa chipewacho anasenza thireyi ngati wogulitsa mandasi. Atatula, tinaona kuti pathireyipo pali kanyumba, chitsanzo cha holo yatsopano. Koma kanali ka keke. Keke yeniyeni, ya shuga woyera pamwamba.

A Mapulani anayamba kuloza ndi kandodo. Apa ofesi ya mkulu woyang'anira, apa ofesi ya wachiwiri wake, apa pomwera tiyi mkuluyo, apa pomwera tiyi wachiwiriyo poti awiriwo sagwirizana, apa poimika magalimoto a alendo olemekezeka. Ine ndinasuzumira n'kufunsa kuti nanga siteji ili pati. Analoza pakona, pomwe panali kachidutswa kofanana ndi sopo wotsala pang'ono kutha. Ndisanakaonetsetse, Rasi anakatsina n'kukaponya m'kamwa. Mayi Tembo nawo anadula poimika magalimoto paja, kukulunga m'kampango, kulowetsa m'chikwama, akuti akapatse ana kunyumba.

"Aluso olemekezeka," anatero a Mapulani, "ndalamulidwa kuti ndisaike njerwa ngakhale imodzi ndisanamve maganizo anu. Ndiye funso langa nali, ndipo muyankhe momasuka. Makatani mukufuna ofiira kapena obiriwira?"

Ndipo anthu anayamba kukambiranadi. A Kachingwe anaimirira n'kuyamba kufotokoza tanthauzo la kufiira m'mbiri ya anthu kuyambira pa chilengedwe. Ine ndinaimirira iwo asanafike pa chigumula.

"Bwana," ndinatero, "mwatitseketsa mashopu kuti tidzasankhe makatani? Ine ndine telala. Mukadangotumiza muyezo, ndikadakusokerani ndili kumsika."

Mawu anga anatuluka ngati a pa chinkuzamawu cha msonkhano wa chipani, mpaka maminibasi onse kunja anayamba kuliza mahutala okha. Anthu anawomba m'manja, a magule anaguguda ng'oma, ndipo ine, sindibisa, ndinatukula chifuwa. Ndinkayembekezera kuti a Mapulani apsa mtima, koma anangomwetulira ngati munthu amene wauzidwa kuti aweruke msanga. Anavula chipewa chachikasu chija n'kuchiika pansi.

"Poti mukudziwa, mangani nokha. Amene wavala chipewachi, chilichonse chimene anene chiima pomwepo."

Ndiye anakwera njinga ya kabaza imene inkawadikira m'holo momwemo. Wopalasa anali abusa athu, kolala ili pakhosi, thalauza ataipisira m'sokosi. Anatidalitsa ndi dzanja limodzi n'kupalasa.

Kenako holo yakale kunalibe. Tinali pabwalo lopanda kanthu, chipewa chili pakati pathu. A Kachingwe, amene masana amayenda modandaula maondo, anachilumphira ngati goloboyi. Anachivala, anakonza tayi, nati pakhale nsanja yaitali, kuti mawu a mlakatuli azitsikira pa anthu monga mame atsikira pa udzu. Nthawi yomweyo nthaka inatukuka iwo ali pomwepo, njerwa zikudzisanja zokha pansi pa mapazi awo, kukwera, kukwera, mpaka anaoneka ngati khwangwala pa mtengo wa magetsi. Tinkangoona kukamwa kukuyenda, manja akutambasuka, koma mawu osafika. Tonse tinagwirizana kuti gawo limenelo lamangidwa bwino kwambiri.

Atawerama kuti athokoze m'manja momwe palibe anawawombera, chipewa chinagwa, Rasi n'kuchiwakha. Sichinalowe m'mutu chifukwa cha madiredi, chinangokhala pamwamba ngati chivindikiro pa mphika wosefukira.

"Khoma, aise," anatero. "Khoma lokhalokha, loyera bwino. Mawindo ayi. Windo limadya malo a chithunzi."

Makoma anaphuka ngati bowa, aatali, okhotakhota, lina linadutsa pakati pa woimba ng'oma ndi ng'oma yake. Rasi anasolola maburashi m'tsitsi n'kuyamba kutijambula tonse kuti mibadwo idzatikumbukire. Ine anandiika pamalo aulemu, pakati pa khoma lalikulu, koma nkhope inatuluka ya apongozi anga aakazi, ndi mkwiyo wawo womwe. Ndipo maso a chithunzicho ankanditsatira kulikonse kumene ndapita.

Mayi Tembo sanalimbane ndi munthu. Anangotsegula kukamwa n'kukoka nyimbo mokweza mpaka chipewa chinadumpha chokha pamutu pa Rasi kukatera pa duku lawo. Iwo anati akufuna nyumba yobweza mawu, kuti kwaya ya anthu ochepa izimveka ngati khamu la angelo. Zinachitikadi, koma makomawo anachita mopitiriza muyezo. Sanangobweza nyimbo, anayamba kubweza chilichonse chimene anthu ananong'onapo m'holo yakale ija chiimangire. Tinamva amene anabisa ng'oma ya gulu lina tsiku la mpikisano. Tinamva amene ankapsompsonana kuseri kwa siteji aliyense ali ndi banja lake. Kenako khoma lina linanena momveka bwino kuti, "Mayi Tembo akamaimba amakhala ngati ketulo yaiwalidwa pamoto." Mawuwo ankafanana ndi anga. Sindikunena kuti anali anga, ndikungoti ankafanana. Mayi Tembo ananditembenukira pang'onopang'ono, ndipo chithunzi cha apongozi chinagwedeza mutu.

Apa ndiye zinasokonekeratu. A magule analanda chipewa nati pansi pakhale dothi, poti phazi la wovina limafuna kulankhula ndi nthaka. A kwaya anachilandanso nati matailosi, poti yunifolomu yoyera sigwirizana ndi fumbi. Pansi pankangosinthasintha, dothi, matailosi, dothi, matailosi, anthu akuterereka, kudzuka, kugwirana makolala, aliyense akunena kuti luso lake ndiye linayamba kubadwa.

Ndiye belu linalira, lija limalira sewero likatsala pang'ono kuyamba. Nditadziyang'ana ndinapeza kuti kumunsi ndavala thalauza ya wapolisi, kumtunda diresi la namwino litakakamira m'khwapa, zipi yakana, sikukwera sikutsika. Ndinkadziwa, monga mmene munthu amadziwira zinthu m'maloto, kuti ndiyenera kutuluka pa siteji ngati mkazi wa bwana wolemera, ndipo zovala zake zinali m'jumbo m'manja mwanga. Anzanga ogwira chitenje kunalibe. Chitenje chomwecho nditachitambasula chinali chitafota, chatsala ngati nsanza yopukutira makina. Ndinayamba kuthamangira chipewa, dzanja limodzi litagwira thalauza.

Ndinapempha Rasi, anati, "Sisi, dekhani, pano tikupanga mbiri." Ndinapempha Mayi Tembo, anati ndikapemphe ketulo. Ngakhale a Kachingwe, amene mawu awo sankafika pansi, ulendo uwu anafika: "Mayi Esinati, zosinthira zovala ndi nkhani ya thupi. Ife pano tikumanga nyumba ya mzimu!"

Anzanga, zinandiwawa zenizeni, ngakhale kunali kutulo. A Mapulani sankandidziwa, ndiye kunali kowakhululukira. Koma awa ndi anthu amene tagawana nawo chinangwa chimodzi kuseri kwa siteji, amene andionapo ndikuvala monjenjemera mwezi wa chisanu, ana akusuzumira pa mpanda. Awa ankadziwa. Ndinakhala pansi n'kutsamira khoma, misozi ili lengelenge, jumbo ili pamiyendo.

Kenako ndinamva wilibala ikulira, kwii, kwii. Woikankha anali a Likongwe. Kwa amene simunawapeze, a Likongwe ndi amene anayambitsa gulu lathu, ndi amene ananditola ine ndili mtsikana wamanyazi wosatha kuyang'ana munthu m'maso, n'kundiphunzitsa kuima pamaso pa khamu. Anatisiya chaka chatha, ndipo suti imene tinawaveka m'bokosi ndinaibweza ndine, chifukwa matenda anali atawaondetsa. M'wilibalamo munali katundu wathu wa zisudzo, mfuti yamtengo, ndevu za khonje, chisoti cha makatoni. Ndinafuna kuwathamangira, kuwakumbatira, kuwauza kuti chichokere iwo gulu silikuyenda bwino, anthu akutha mmodzimmodzi. Iwo anaima patsogolo panga n'kutukula mwendo.

"Esinati, thalauza iyi unafupikitsa kwambiri. Kumene ndiliko akundiseka."

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anati ndisalire, ndiwononga paudala. Ndinawafunsa ngati gulu lathu likhalepo popanda iwo, ndipo anandiyankha kuti gulu silifa ndi imfa ya munthu mmodzi, limafa ndi misonkhano. Kenako anamwaza maso pa makoma aja, pa nsanja, pa anthu ogwirana makolala, n'kufunsa ngati tikumanga ndende. Ndinawafotokozera zonse, za keke, za chipewa, za kachipinda kanga. Anagwedeza mutu.

"Waluso sungamupemphe, mwana wanga. Umupatse choonera."

Tsono a Likongwe ankatchuka ndi chinthu chimodzi: kufa pa siteji. Sewero lililonse ankafa, ndipo kufa kwake kunkatenga nthawi yoti ukhoza kutuluka kukagula chimanga chootcha, pobwera n'kuwapeza akutsanzikabe. Ndiye analowa pakati pa ndewu ija, anagwira pamtima, anadzandira, anaitana mayi awo, anagwa, anadzuka kuti agawe mbuzi kwa adzukulu, anagwanso. Aliyense anasiya kukangana. Mayi Tembo anayambitsa nyimbo ya maliro. Wovina amene anali ndi chipewa nthawi imeneyo anachivula mwaulemu, monga achitira amuna pa maliro, n'kuchiika pansi. A Likongwe anatsegula diso limodzi n'kundinong'oneza: "Tola msanga. Ine kufa ndinazolowera."

Ndinatola n'kuvala. Chinali cholemera ngati mtondo, ndipo m'kati mwake munkamveka mawu a aliyense akupempha zake nthawi imodzi, mpaka mbuzi zomwe zinali ndi maganizo. Ine ndinkafuna kunena mwaulemu kuti kachipinda kamodzi kakang'ono, ka chitseko chimodzi. Koma mkwiyo wa zaka zonse za kuseri kwa chitenje unatsogola, ndipo ndinangokuwa kuti, "Zitseko!"

Zinagwa ngati matalala. Chitseko pakhoma, chitseko pa chitseko chinzake, chitseko pansi, chitseko patsinde pa nsanja chimene chinawatsekera a Kachingwe kumwamba komweko, china chinakatera pakamwa pa chithunzi cha apongozi. Ine sindinasamale. Ndinatsegula chapafupi, ndinalowa, ndinakhoma. Munali zii. Munali galasi lalitali, msomali wokolowekapo zovala, ndi mpando. Ndinavula mosathamanga, mosacheuka, mosagwira kalikonse ndi mano. Zipi inatsika yokha. Ndinayamba ndakhala pampandopo kaye, osavala, kungomva kukoma kwake. Musaseke. Amene simunavalepo mphepo ikukoka chitenje simungazimvetse.

Nditamaliza ndinatuluka ndili mkazi wa bwana wathunthu, nsapato za gogoda, ndolo, chikwama pamkono, chipewa chachikasu chikadali kumutu. Ndinaima kuti anthu andione. Panalibe woonera, aluso okhaokha, aliyense ataima pafupi ndi chimene wamanga ngati mlonda. Kunja ndiye kunkamveka mahutala ndi nthungululu. Ndinasuzumira pa kabowo ka pakhoma ndipo ndinaona dera lonse lafika, azimayi a makanda kumbuyo, ana asukulu, achikulire a ndodo, ogulitsa zitumbuwa, ndi ukwati wathunthu patsogolo, poti mukudziwa kuti holo yathu Loweruka imalandiranso maukwati. Mkwatibwi anali Chisomo, mtsikana wa pamzere wathu amene ndikumusokera diresi panopa. Anavala diresilo mapini akadali momwemo. Anawerama n'kuika diso lake pa kabowoko, diso langa ndi lake kuyang'anana.

"Anti, tsegulani, tatopa kuima. Tilowera pati? Nanga tikalowa tikhala pati?"

Ndinatembenuka. Zitseko zonse zija zinkatsegukira m'kati, china kulowa m'chinzake, panalibe ngakhale chimodzi chotulukira kunja. Benchi panalibe, mpando womwe unalipo ndi wa m'kachipinda kanga. Tinawanyoza a Mapulani chifukwa cha maofesi a mabwana, ife n'kumanga maofesi athu, aliyense yake, n'kuiwala kuti amene amatiwombera m'manja nawonso ali ndi matako ofuna pokhala.

Ndisanamuyankhe Chisomo, dontho linandigwera pamphuno. Tonse tinayang'ana kumwamba nthawi imodzi. Mitambo. Mitambo yokhayokha, yakuda bii. Mwa aluso onse aja, odziwa tanthauzo la kufiira ndi chilankhulo cha nthaka, panalibe amene anakumbukira kunena kuti denga.

Ndiye mvula inakhuthuka. Utoto wa Rasi unasungunuka n'kuyenderera, tonse tinasanduka amawangamawanga ngati nkhanga. Mphezi inang'anima pafupi ndi nsanja, ndipo a Kachingwe analakatula ndakatulo yaifupi kwambiri pa moyo wawo wonse: "Mayooo!" Makoma anaibweza mpaka kumapiri. Madzi analibe potulukira, ndiye anayamba kukwera, m'mapazi, m'maondo, ng'oma zikuyandama, ndevu za khonje zikusambira ngati makoswe. A Likongwe anakhala m'wilibala yawo akupalasa ndi mfuti yamtengo.

"Nonsenu osaganiza za denga?" anatero. "Ngakhale ine kumene ndimagona kuli chivindikiro."

Kenako ndinaona a Mapulani atakhala pamwamba pa khoma, ambulera ili m'manja, miyendo akuigwedeza, akudya ofesi ya wachiwiri kwa mkulu. Abusa ankawadikira panjinga kumbuyo kwawo, pakhoma pomwepo. Ndinavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba.

"Bwana, tengani chipewa chanu."

"Mwatopa?" anafunsa. "Chabwino. Ndiye tibwerere ku makatani."

Anthu ena anali atayamba kale kukuwa kuti ofiira, obiriwira, alionse bola denga. Ine madzi ali m'chiuno, ndolo imodzi itagwa, ndinachibweza chipewa n'kuchikumbatira pachifuwa.

"Ayi bwana. Chipewa mutenga, koma abusa muwauze atsike panjinga, simukupita kulikonse. Mubwere pansi pano, munyowe nafe, muone mmene timagwirira ntchito. Mukakana, timira tonse ndi chipewa chanu chomwe."

A Mapulani anapinda ambulera, anadumpha, nsapato zonyezimira zija khuvu m'madzi amatope. Anavala chipewa n'kunena liwu limodzi, malata n'kubwera okha akuuluka kudzatera pamwamba pathu. Ndiye anandiyandikira n'kulankhula motsitsa, ngati wodwala matenda ochititsa manyazi pamaso pa dokotala.

"Mayi, denga ndimalidziwa, ngalande ndimazidziwa. Koma chibadwire sindinaonerepo sewero. Munthu akachoka pa siteji, amapita kuti?"

Ndinawagwira dzanja n'kuyamba kuyenda nawo. Ndimalowera apa. Ndikamenyedwa mbama ndimathawira uku. Apa ndimavula, apa ndimadikira, ndipo pamenepa pamafunika ndizimva zimene zikunenedwa kutsogolo popanda oonera kundiona. A Likongwe amafera apa, ndiye pakhale potakasuka. Tikamayenda makoma ankasuntha okha kutipatsa njira, madzi n'kumaphwera. A magule anawakokera kwawo a Mapulani n'kuwavinitsa opanda nsapato, kuti amve okha mmene matailosi amapwetekera chidendene, ndipo bamboyo ankavina ngati akupha nyerere. Rasi anavomera mawindo, koma aang'ono, ndipo anatukwana pang'ono. A Kachingwe anatsitsidwa ndi chingwe ngati ndowa ya pachitsime, ndipo atangoponda pansi anati aganiza mozama, nsanja yofika m'maondo ikwana. Mayi Tembo sanandilankhulebe. Kenako a Mapulani anang'amba khomo lalikulu kutsogolo, mabenchi anaphuka m'mizere, ukwati unalowa ukuvina, Chisomo patsogolo, abusa pambuyo akusolola thalauza m'sokosi.

Tsono ndi madzi onse aja, ndi kudontha konse kuja, ine ndinayamba kumva kuti ndapanikizika. Mukudziwa zimene ndikunena. Ndinayamba kupondaponda, anthu n'kumayesa ndikuvina nawo. A Mapulani anazindikira, anamwetulira, nati, "Ichi palibe anachipempha, ndawonjezera ndekha," n'kutsegula kachitseko ka buluu. Anzanga, chimbudzi chimenecho! Choyera mbee, cha madzi, chonunkhira mandimu, pepala lofewa lili pomwepo, sopo wosamangirira chingwe. Ndinalowa, ndinakhoma, ndinakweza diresi la mkazi wa bwana, ndinayamba kutsika pang'onopang'ono ngati mfumukazi. Pomwepo chitseko chinagogodwa mwamphamvu, gu gu gu, ndi mfuti yamtengo.

"Esinati! Iwe Esinati! Chimbudzi cha m'maloto sakhalapo! Dzuka!"

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, bambo a kunyumba akuliza mkonono, ine ndiye liwiro la panja, nsapato imodzi yanga ina yawo. Matiresi anapulumuka, koma panangotsala pang'onong'ono.

Ndiye ndithandizeni inu odziwa. Kulota nyumba yopanda denga kumatanthauza chiyani? Malemu akabwera kudzadandaula za thalauza ndiye kuti akufuna nditani, poti kukawayezanso sindingathe? Nanga Loweruka ndikanene chiyani? Ndikaime pa kachipinda kanga basi, kapena ndikawauze kuti aitanenso oonera ndi a maukwati, kapena ndikamukakamize wolemba mapulaniyo adzayambe waonera sewero lathu kuchokera kuseri kwa chitenje asanagwire pensulo? Masulirani momasuka, ndimva zonse. Koma amene mukufuna kunena kuti ndichepetse thobwa madzulo musavutike, bambo a kunyumba anena kale.